Azingodula pamalipiro

Lamlungu lapitali m'mawa, nkhungu isanachoke m'mapiri a Nyangani, ndinali pakhonde kuno ku Samanga pamene foni inalira. Anali mwana wa mchemwali wanga, amene ndi namwino ku England. Pa WhatsApp ananditumizira zithunzi ziwiri, MG4 yofiira ndi Tesla Model Y yoyera, zonse zoyendera magetsi. Pansi pake analemba kuti: "Amalume, nditenge iti? Kuntchito akuti azingodula pamalipiro."

Magalimotowo sindinawayang'anitsitse. Maso anga anakakamira pa mawu awiri omalizawo, chifukwa m'banja mwathu si achilendo.

Bambo anga anachoka ku Mulanje akadali mnyamata, dziko lino la Zimbabwe likutchedwa Rhodesia, n'kudzapeza ntchito yothyola tiyi m'chigwa chino cha Honde. Dengu kumsana, masamba awiri ndi kansonga, madzulo pamzere wa sikelo. Pa esiteti imene ankagwirapo panali sitolo yotengako katundu polembetsa m'buku. Iwo anatengako njinga yakapalasa, ndipo tsiku limene anafika nayo kukomboni ana tonse tinaithamangira kumbuyo tikukuwa. Koma mwezi ukatha, envelopu inkabwera yopyapyala, mayi n'kuwerenga ndalamazo kawiri ali chete. Anzawo atamva kuti kumbali ya Chipinge kwapezeka ntchito yabwinoko, ananyamuka. Bambo anatsala. Dzina lawo linali likadali m'buku.

Ndisanamizire dongosolo la ku Britain lodula pamalipiroli kuti ndi buku lomwelija, ayi. Lili ndi phindu looneka. Wantchito amavomera kuti malipiro ake atsitsidwe, ndipo abwana amamubwerekera galimoto yatsopano kwa zaka ziwiri, zitatu kapena zinayi, kawirikawiri inshuwaransi ndi zokonzetsa zili momwemo. Popeza ndalamayo imachoka msonkho usanawerengedwe, namwino wa malipiro apakati amapulumutsa 20 peresenti ya msonkho ndi 8 peresenti ya National Insurance pa gawo lodulidwalo. Boma limalipiritsa msonkho wina kwa munthu woyendera galimoto ya kuntchito, koma pa yamagetsi ndi wochepa kwambiri: mtengo wa galimoto ankauwerengera 2 peresenti yokha mpaka mu April 2025, kenako 3 peresenti, ndipo uzikwera pang'onopang'ono chaka ndi chaka, pamene ya petulo imatha kupitirira 30 peresenti. N'chifukwa chake anamwino ambiri akukopeka, ndipo sindikuwadzudzula.

Komabe walira mvula walira matope. Ndinamuimbira mwanayo, tinacheza ola lathunthu, ndipo ndinamufunsa zimene bambo anga sanafunse pakauntala paja.

Galimotoyo ndi yayani? Si yake. Zaka zikatha imabwerera kwa eni ake, iye n'kutsala ndi zithunzi. Ukasiya ntchito pakatikati, chimachitika n'chiyani? Apa anakhala kaye chete. Mapangano ambiri amafuna kuti galimoto ibwezedwe, ndipo ena amalipiritsa chindapusa chothetsera pangano nthawi isanakwane. Kwa mbadwa ya ku Britain limeneli ndi vuto la ndalama chabe. Kwa mwana wathu ndi chingwe chachiwiri, popeza chiphaso chake chokhalira m'dzikomo n'chomangidwa kale kwa omulemba ntchito. Mtsikana amene akuchitiridwa nkhanza pantchito ayenera kukhala ndi mpata wotenga chikwama chake n'kukafunsira kwina. Sindikufuna kuti tsiku limenelo adzayambe kuwerengera mtengo wa Tesla asanatsegule chitseko.

Ndiye pali penshoni. Kwa ogwira ntchito m'zipatala za boma kumeneko, penshoni imawerengedwa kuchokera pa malipiro a chaka chilichonse, choncho malipiro akatsitsidwa chifukwa cha galimoto, ya ukalamba nayonso imachepa. Mwana wa zaka makumi atatu samva zimenezi. Ife timazimva. Tinaona mu 2008 madala amene anathyola tiyi zaka makumi anayi akulandira penshoni yosakwana kugula buledi, ndalama itasanduka mapepala. Ambiri mwa iwo anali machona opanda munda kuno, opandanso kobwerera kwawo, zitupa zawo zitalembedwa kuti ndi alendo mpaka malamulo a dziko a 2013 atatsegulira ana awo njira ya unzika. Munthu wochokera m'banja lotere asaseweretse penshoni, ngakhale pang'ono.

Funso lomaliza linali la kotchajira. Iye amachita lendi chipinda cha m'mwamba, alibe bwalo loimikapo galimoto. Magetsi a m'nyumba ku Britain amalipiritsidwa VAT ya 5 peresenti, a pamalo otchajira a m'misewu 20 peresenti, ndipo mtengo wakenso ndi wokwera. Kutchipa kumene amakunena otsatsa malonda n'kwa munthu wotchaja pakhomo usiku.

Wina asaganize kuti ndimadana ndi galimoto zamagetsi. Mitsinje yathu yomweyi, Pungwe ndi Duru, ikupukusa makina opanga magetsi, ndipo Pungwe B yokha imatulutsa mamegawati 15. Boma la Zimbabwe linatsitsa msonkho wolowetsera galimoto zamagetsi kuchoka pa 40 kufika pa 25 peresenti kuyambira mu January 2025. Ku Wedza, kuyambira 2019, bungwe la Mobility for Africa lakhala likubwereketsa amayi njinga zamagetsi za mawilo atatu zotchedwa Hamba, zonyamulira mbewu ndi odwala. Ndikaona amayi akutsetsereka kupita ku Hauna mikoko ya nthochi ili pamutu, ndimalakalaka zoterezi zitachuluka m'chigwa chino. Tsiku lina mabwana a m'maesiteti adzabwera ndi mafomu a njinga zamoto zamagetsi zodula pamalipiro, ndipo ndidzafunsa mafunso omwewa m'malo mwa wothyola tiyi.

Mwana uja ndinamuuza maganizo anga mosabisa. Ngati galimoto ikufunikadi chifukwa cha mashifiti a usiku, atenge MG4, yotsika mtengo, pa pangano lalifupi, ndipo asasaine asanalandire polemba mayankho a za kusiya ntchito, kudwala, uchembere ndi penshoni. Tesla aisiye. Anadandaula kuti anzake onse akufuna yoyerayo, koma Lolemba analembera a ofesi yoona za antchito, ndipo akudikira yankho.

Inu makolo a ku Samanga, ku Hauna ndi ku Chipinge amene ana anu ali kunja, akakutumizirani chithunzi cha galimoto yatsopano, musafulumire kululutira. Muwapemphe kaye akuwerengereni pafoni ndime yonena za tsiku limene adzafune kusiya ntchito.