KAMAKINA KADZIWA NJIRA, KOMA SIKAONA NKHUNGU KAPENA CULU

Mainza akakhazikika m'cigwa ca Luangwa, dziko la Mfumu Tembwe m'boma la Chama lisanduka ngati cilumba. Timitsinje timene m'cilimwe mwana atidumpha osavula nsapato tidzaza mpaka m'magombe, dothi lakuda la m'madambo ligwira magudumu a galimoto, ndipo ulendo wa ku cipatala ca pa boma ungathe kudya tsiku lathunthu kapena kulephereka konse. Madzi amene akulitsa mpunga wochuka wa ku Chama ndi omwewo amene atsekereza mai wovutika pobereka, mlimi wolumidwa ndi njoka ndi msodzi wogwidwa ndi ng'ona. Walira mvula walira matope. Pa masiku otere anthu ayang'ana kumwamba, pakuti njira imene madzi sangaitseke ndi ya ndeke yokha.

Dziko la Zambia linazindikira zimenezi ufulu utangobwera. M'caka ca 1965 Dokotala James Lawless anayambitsa nchito yonyamula madokotala pa ndeke zazing'ono kupita ku madera ovuta kufikako, ndipo mu 1967 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa bungwe la Zambia Flying Doctor Service, limene likulu lake lili ku Ndola. Koma kukhala ndi ndeke ndi nkhani ina, kupeza kabwalo kotera pakati pa thengo ndi nkhani inanso.

Woyendetsa ndeke wa masiku amenewo anali ndi zida zitatu: mapu, kampasi ndi wochi. Asananyamuke anali kulemba mzere pa mapu, kuwerengera liwiro la ndeke ndi mphamvu ya mphepo, ndi kudziuza kuti pakapita mphindi zakuti ayenera kuona mtsinje wakuti kapena phiri lakuti. Vuto ndi lakuti mphepo sikhala monga inalembedwera. Oyendetsa ndeke ali ndi lamulo lakale lakuti munthu akapatuka ndi digiri imodzi yokha pa kampasi, pa makilomita 60 alionse asocera ndi kilomita imodzi. Kucokera ku Ndola kufika ku Chama ndi mtunda wopitirira makilomita 500. Motero mphepo ya m'mbali ikamkankha ndi madigiri atatu iye osadziwa, afika ali kutali ndi bwalo makilomita 25, mafuta alikutha, pansi pali mitengo yofanana yokhayokha.

Cigwa ca Luangwa ndiye cinali kusoceretsa koposa. Mtsinje umene woyendetsa akanautsata usintha njira caka ndi caka, nusiya matamanda okhota amene sali pa mapu. Kuyambira mu Ogasiti kufika mu Okutobala utsi wa lupsa uphimba dziko, kotero kuti mapiri a Muchinga kumadzulo ndi mapiri a ku malire a Malawi kum'mawa saoneka. M'mainza mitambo itsika mpaka pa nsonga za mapiri omwewo. Woyendetsa wanzeru akalephera kuona cizindikiro cake anali kubwerera, wodwala natsala.

Cimene cinasintha zinthu ndi kamakina kochedwa GPS, kamene lero kapezeka ngakhale m'malamya a m'manja. Nchito yake ndi iyi. Kumwamba, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20,000, kuli masetilaiti amene azungulira dziko kawiri pa tsiku. Iliyonse iulutsa mosalekeza uthenga wonena pamene ili ndi nthawi imene uthengawo wanyamuka. Kamakina ka m'ndeke kamvetsera, kawerengera nthawi imene uthenga watenga kuti ufike, ndipo potero kadziwa kutalika kwa setilaiti iliyonse. Kakamva masetilaiti anai kapena kuposapo, kachula malo enieni pamene ndeke ili, liwiro lake, ndi mphindi zotsala kuti ifike.

Masetilaitiwa anaikidwa ndi gulu la nkhondo la America, ndipo yoyamba inaponyedwa kumwamba mu 1978. Cimene cinafulumiza kuti anthu wamba aloledwe kuwagwiritsa nchito ndi tsoka la kusocera. Pa 1 Seputembala 1983 ndeke ya ku South Korea inapatuka pa njira yake nilowa m'mlengalenga mwa Soviet Union, ndipo inaomberedwa, anthu 269 nafa. Pambuyo pake Pulezidenti Ronald Reagan analengeza kuti GPS ikadzatha kumangidwa, ndeke za anthu wamba zidzaigwiritsa nchito. Masetilaiti 24 ofunikira anakwanira, ndipo mu 1995 nchito yonse inalengezedwa kuti yatha. Kufikira mu Meyi 2000 asilikali anali kusokoneza dala uthenga wa anthu wamba kuti uziphonya ndi mamita ofika 100, koma kuyambira pamenepo kuphonyako kunatsika kufika pa mamita owerengeka. Palibe amene alipira kanthu pomvetsera masetilaitiwa.

M'zaka za m'ma 1990 makampani monga Garmin anayamba kugulitsa timakina tonyamula m'manja, timene woyendetsa ndeke yaing'ono atimangirira patsogolo pake. Ubwino wake suli wokaikitsa. Kabwalo kakang'ono ka m'thengo, kamene kale munthu anali kukazungulira kufunafuna, tsopano kaoneka pa galasi ndeke isananyamuke. Njira ikhala yolunjika, mafuta asungika, ndipo injini ikayamba kutsokomola woyendetsa adziwa msanga bwalo limene lili pafupi. Owerenga nyama m'mapaki, monga paki ya North Luangwa imene ili tsidya lina la mtsinje, auluka m'mizere yoongoka motsata kamakina komweka. Timakina tatsopano tionetsanso mapiri ndi mitundu yocenjeza ngati ndeke yatsika kwambiri. Cotero mau akale akuti malo monga Tembwe ndi obisika, ndeke singawapeze, lero alibenso maziko.

Komatu oyendetsa ndeke omwewo amene ayamikira kamakinaka ndiwo acenjezanso za iko. Mabatire atha pa nthawi yosayembekezeka. Dzuwa la mu Okutobala likaomba pa galasi la kutsogolo, makina ena atentha nazima okha. Manambala a malo akalembedwa molakwika, ngakhale nambala imodzi yokha, kamakina katsogolera ndeke mokhulupirika kupita pamene palibe bwalo. Mzere woongoka umene kalemba susamala kuti pakati pali phiri. Ndiponso woyendetsa amene maso ake azolowera kukhala pa kagalasi aiwala kuyang'ana kunja, naiwalanso luso la mapu ndi wochi limene likanampulumutsa tsiku limene kamakina kazima.

Coopsa koposa zonsezi ndi kulimba mtima konyenga. Kale munthu akaona nkhungu patsogolo anali kubwerera cifukwa ca mantha akusocera. Lero kamakina kamuuza kuti bwalo lili pafupi, kwatsala mphindi zocepa, ndipo mtima umnyengerera kuti atsike pansi pa mitambo apitirire. Ndico cifukwa cake malamulo a zouluka aona timakina ta m'manja ngati cothandizira cabe kwa munthu amene alikuona pansi ndi maso ake. Sitiloledwa kukhala mtsogoleri wa ndeke m'kati mwa mitambo.

Phunziro lowawa la nkhaniyi linacitika pafupi, kutsidya kwa malire. Pa 10 Juni 2024 ndeke ya mtundu wa Dornier 228 ya gulu la nkhondo la Malawi inanyamuka ku Lilongwe kupita ku Mzuzu, itanyamula Waciwiri kwa Pulezidenti wa dzikolo, Dokotala Saulos Chilima. Inagwa m'nkhalango ya Chikangawa pa mapiri a Viphya, ndipo anthu onse asanu ndi anai anafa. Akatswiri a ku Germany amene anaitanidwa kudzafufuza anapeza kuti m'ndekemo munali kamakina ka GPS konyamula ka Garmin, ndipo m'menemo ndi mmene anawerenga njira yonse imene ndeke inayenda, pakuti inalibe makina osunga mau ndi mbiri ya ulendo. Lipoti lao lomaliza la mu 2025 linati ndeke inapitiriza kuuluka m'munsi pa nyengo yoipa, kunja kusaoneka, mpaka inaomba phiri. Kamakina kanadziwa pamene ndeke inali kufikira mphindi yomaliza, koma sikanathe kucotsa nkhungu.

Pali cinanso cimene tsokali linaonetsa. Anthu ambiri aganiza kuti ndeke yokhala ndi GPS singatayike, cifukwa a pansi alikuiona. Si tero ai. Kamakinaka kamva cabe, sikalankhula. Kauza woyendetsa pamene ali, koma sikauza wina aliyense. Kuitana opulumutsa ndi nchito ya kawailesi kena kamene kalira kokha ndeke ikagwa, ndipo ofufuza aja anapeza kuti batire la kawailesi ka m'ndeke ya ku Chikangawa linatha nthawi yake mu 2004. Ndekeyo inapezeka tsiku lotsatira, asilikali ndi anthu a m'midzi atafunafuna m'nkhalango.

Zonsezi zitanthauzanji kwa anthu a ku Tembwe, kwa Chikwa, kwa Chifunda ndi kwa Kambombo, amene ambiri a iwo sanakwerepo ndeke? Zitanthauza kuti gawo limene kamakina sikangagwire lili m'manja mwao. Setilaiti ifikitsa ndeke pamwamba pa bwalo, koma siona kuti ciswe camanga culu pakati pake, kuti njiri yakumba una, kuti njobvu zinadutsa dothi lili lofewa ndi kusiya mapazi ouma ngati mitondo, kapena kuti mvula ya usiku yasandutsa bwalo dambo. Gudumu la ndeke yaing'ono likalowa m'dzenje limodzi lokha, ndeke igubuduka. Woyendetsa akafika napeza udzu wofika m'ciuno, azungulira kamodzi nabwerera, ndipo mafuta onse ndi ciyembekezo conse ca wodwala zipita pacabe.

Cotero paliponse pamene pali bwalo la ndeke m'cigwa, lakale kapena latsopano, mafumu, manduna ndi makomiti a citukuko ayenera kulitenga ngati citsime ca mudzi. Udzu ucekedwe mainza asanakhwime ndiponso ali pakati. Zulu zigumulidwe, maenje akwiriridwe ndi kupondedwa, m'mbali muikidwe miyala yopakidwa laimu kuti malire aoneke kucokera kumwamba. Pakhale thumba la nsalu pa mtengo wautali loonetsa kumene mphepo icokera, pakuti ndeke itera moyang'anana ndi mphepo. Ngati palibe, utsi wa kamoto kosonkhedwa pambali ugwira nchito yomweyo. Mbuzi ndi njinga zicotsedwe, ndipo ana aphunzitsidwe kuima patali kufikira injini itazima, cifukwa cozungulira ca kumphuno kwa ndeke sicioneka cikamathamanga.

Pakhalenso munthu mmodzi wodalirika, kaya ndi wa pa cipatala caching'ono, kaya ndi mphunzitsi, amene ali ndi lamya kapena wailesi, woti anene zoona zokhazokha ndeke isananyamuke: mvula inagwa liti, dothi lalimba kapena ai, mapiri alikuoneka kapena aphimbika. Apa ndi pamene pali ciyeso cacikulu. M'bale akakhala pakati pa moyo ndi imfa, lilime lifuna kunena kuti kunja kwayera pamene kuli nkhungu. Bodza lotero lingaphe woyendetsa, namwino ndi dokotala, ndi kulanda cigwa conse ndeke imene ikanapulumutsa anthu ena mazana. Momwemonso akuluakulu amene akwera ndeke zazing'ono pa maulendo a boma kapena a ndale asaumirize woyendetsa amene wakana kunyamuka. Amene wabwerera cifukwa ca mitambo si wamantha. Wagwira nchito imene anaphunzira.

Boma nalonso lili ndi mbali yake. Bungwe la Civil Aviation Authority, pamodzi ndi khonsolo ya Chama, liyenera kuyendera mabwalo a m'cigwa, kulemba manambala a malo ake molondola, ndi kudziwitsa oyendetsa ndeke za mabwalo amene anatsekedwa, kuti kamakina kasatsogolere munthu ku munda wa thonje umene kale unali bwalo. Ndalama zosamalira bwalo la dothi si zambiri. Mu 2022 thumba la citukuko la CDF linakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa cigawo ciliconse ca phungu, ndipo kagawo kocepa ka ndalama zotere kangagule zikwakwa, makasu, laimu ndi wailesi, ndi kulipira acinyamata osamalira bwalo. Eni ndeke naonso aonetsetse kuti mapu a pepala ali m'ndeke, mabatire apadera alipo, ndipo kawailesi koitana opulumutsa kali ndi moyo.

Ndeke sidzalowa m'malo mwa mseu wabwino ndi milatho yolimba, zimene anthu a m'cigwa akhala akupempha kwa zaka zambiri, ndipo pempholo lisaleke. Koma pamene mseu ulikudikiridwa, amai apitiriza kubereka mu Janyuwale ndi mu Febuluwale, mitsinje ili yodzaza. Mutu umodzi susenza denga. Setilaiti ionetsa njira, woyendetsa aweruza za mitambo, ndipo mudzi ukonza potera. Nthawi yogwira zikwakwa ndi makasu ndi pamene dothi likali louma, mvula yoyamba isanagunde.