Ngodya ya Ojambula: Fulashi Icoke Pamutu pa Kamera

Nyengo ya masakramenti yafikanso. M'maparishi ambiri ana ali kukonzekera Ukaristia woyamba, ena Ulimbitso, ndipo pamene mvula yatha maukwati nao ayamba kuculuka. Amene ali ndi kamera m'mphakati mwao adziwa kale mau amene adzamva: "Ndinu mudzatijambula." Nchito imeneyi si yopepuka monga imvekera. Mwana alandira Ukaristia woyamba kamodzi kokha, ndipo cithunzi cimene mujambula agogo lero kapena ndico cidzaikidwa patsogolo pa bokosi tsiku lowaperekeza kumanda.

Ife tinaphunzira ndi manyazi. Tsiku lina Misa itatha tinajambula mwana wa mlongo wathu m'nyumba, atabvala diresi yace yoyera, ataima pafupi ndi khoma, pansi pa cithunzi ca Mtima Woyera wa Yesu. Fulashi inali pamutu pa kamera monga tinaigulira. Zimene zinaturuka zinali zomvetsa cisoni. Diresi inayera mbee, nkhope inada bii koma mphumi yokha ikunyezimira, kumbuyo kwace kunaima mthunzi wakuda ngati munthu waciwiri, ndipo pa galasi la Mtima Woyera panali cimpira coyera m'malo mwa nkhope ya Ambuye. Amai ace anayang'ana nthawi yaitali, nafunsa kuti, "Kodi acimwene, mwana wanga ndi uyu?"

Vuto silinali kamera ai. Linali malo amene kuwala kunacokera. Fulashi ikakhala pamwamba pa diso la kamera, kuwala kumenya nkhope kucokera kutsogolo kweni-kweni, nkufafaniza timithunzi tonse timene tionetsa kuti mphuno yatukuka ndi kuti masaya ndi obulungira. Nkhope isanduka yaphwatalala ngati mbale. Maso ofiira aja nao acokera pomwepo: kuwala kulowa m'mwanadiso, kukagunda timitsempha ta magazi kumbuyo kwa diso, nkubwerera molunjika ku kamera.

Tsono coyamba ndi kuicotsa fulashi pamutu pa kamera ndi kuiika pambali. Kale tinali kuilumikiza ndi nthambo. Masiku ano kuli tizipangizo tiwiri ta wailesi, kena kakhala pa kamera, kena pansi pa fulashi, ndipo mukadina batani zonse zigwira nthawi imodzi. Ngati mulibe cogwiriziza ca miyendo itatu, mnyamata wotumikira ku guwa angakugwirireni. Manja amene azolowera kunyamula kandulo sagwedera msanga. Aime cakutsogolo kwa wojambulidwa koma cakumbali, pakati pa kutsogolo ndi pambali peni-peni, ndipo fulashi ikwezedwe kupitirira pang'ono mutu wa munthuyo, yoloza pansi. Musaiike m'munsi mwa cibwano. Kuwala kocokera pansi ndi kumene ana acita ndi toci usiku pofuna kuopseza anzao.

Mudzadziwa kuti mwakhoza mukaona tsaya lakutali ndi fulashi lili mumthunzi, koma pansi pa diso patatsala kadanga kowala ka ngodya zitatu. Ojambula achula kaunikidwe kameneka ndi dzina la Rembrandt, mmisiri wa zithunzi zopaka utoto wa ku Holland, amene anabadwa mu 1606 namwalira mu 1669. Ambiri a ife tinaona kale nchito yace osadziwa, pakuti cithunzi cace ca kubwerera kwa mwana wolowerera, cimene cisungidwa ku Hermitage mu mzinda wa St Petersburg, cipezeka m'mabuku ndi m'nyumba zambiri za mapemphero. Mukacionanso, yang'anitsitsani. Mbali yaikuru ya cithunzi ndi mdima, koma kuwala kugwa kucokera mbali imodzi pa mphumi ya bambo wokalamba ndi pa manja ace awiri amene ali pamsana pa mwanayo. Mmisiriyo sanaope mthunzi, ndipo nafenso tisauope.

Caciwiri ndi kukulitsa kuwala. Kagalasi ka fulashi ndi kakang'ono ngati bokosi la macisi, ndipo kuwala kocokera pa cinthu cacing'ono kubala mthunzi wakuthwa. Pa khungu lathu lakuda kubalanso timadontho tonyezimira pamphumi ndi pamphuno, makamaka mwana akadzola mafuta m'mawa wa cikondwerero. Kuwala kocokera pa cinthu cacikuru kufalikira pa khungu mofewa, ndipo kukongola kwace kuonekera. Cifukwa cace lozani fulashi ku khoma loyera la pambali, kuti khoma lonselo likhale nyali yanu. Mabuku a kunja anena kuti lozani ku siling'i. Ndi uphungu wabwino kwa amene ali nayo; ambiri a ife tikaloza kumwamba tipeza malata ndi mitengo, ndipo kuwala sikubwerera bwino. Cenjeraninso ndi makoma a utoto. Khoma lobiriwira lidzabweza kuwala kobiriwira, ndipo mkwatibwi adzaoneka ngati wodwala malungo. Pamenepo tengani nsaru yoyera ya pa bedi, anthu awiri aitambasule pakati pa fulashi ndi wojambulidwa, kapena gulani ambulera yoyera ya ojambula. Ku mbali ina ya nkhope, ngati mthunzi wada kopambana, wina agwire cipepala cacikuru coyera kuti cibweze kuwala pang'ono.

Pali lamulo limodzi la mtunda loyenera kuloweza ngati katekisimu. Mukawirikiza mtunda kawiri, kuwala sikucepa ndi theka, koma kutsala gawo limodzi mwa magawo 4. Taganizani banja la mizere iwiri pa tsiku la ubatizo. Fulashi ili pa mita 1 kucokera kwa ana okhala kutsogolo, ndi mamita 2 kucokera kwa makolo oima kumbuyo. Ana adzayera, makolo adzamira mumdima. Bwezani fulashi kuti ana akhale pa mamita 4 ndi makolo pa mamita 5, muonjeze mphamvu. Tsopano akumbuyo alandira pafupi-fupi magawo 2 mwa 3 a kuwala kwa akutsogolo, ndipo onse aoneka. Lamulo lomweli litithandiza ndi khoma. Munthu asatsamire khoma. Aime mita 1 kapena 2 patsogolo pace, mthunzi wace udzagwa pansi ndi pambali, kunja kwa cithunzi. Galasi la cithunzi copacikidwa nalonso silidzakubwezerani kuwala ngati fulashi ili pambali.

Za manambala tinene mwacidule. Cotsani kamera ndi fulashi pa otomatiki, cifukwa diresi yoyera inyenga makina: aona kuyera kwambiri, nacepetsa kuwala, nkhope nkuda. Yambani ndi ISO 400, f/5.6, liwiro la 1/200 ndi mphamvu ya fulashi pa 1/4. Jambulani, muyang'ane nkhope, osati diresi, ndipo mukweze kapena kutsitsa mphamvuyo. Makamera ambiri salola liwiro lopitirira 1/200 kapena 1/250 pogwiritsa nchito fulashi wamba. Mukapitirira, mzere wakuda udula cithunzi. Koma kutsika mungatsike. Liwiro silisintha kuwala kwa fulashi, lisintha kuwala kwa cipinda cokha, kotero pa 1/60 lawi la kandulo ya ubatizo ndi mtanda wa pakhoma zidzaoneka, m'malo mwa mdima wa bii kumbuyo. Mabatire okhoza kuchajidwa muwadzaze dzulo lace, ndipo munyamule ena apadera. Amene akumbukira kuzima kwa magetsi kwa mu 2024, pamene madzi anacepa ku Kariba, safuna kuuzidwa cifukwa cace.

Zonsezi ndi za kunyumba ndi ku holo ya parishi. M'chalichi muli mwambo wace. Muonane ndi Bambo Mfumu Misa isanayambe, mufunse pamene mungaime ndi nthawi imene mungajambule, ndipo akaletsa fulashi musatsutse. Ife sitiiyatsa konse pa nthawi ya kusandutsa mkate ndi vinyo, ngakhale titaloledwa, ndiponso sitithwanimitsa kuwala m'maso mwa mwana amene watambasula manja kuti alandire Ambuye. Cithunzi cabwino ca mwanayo mudzacijambula Misa itatha, pa khonde kapena m'holo, pamene muli ndi nthawi yosuntha nyali yanu.

Musayembekeze tsiku la cikondwerero kuti muyese. Sabata ino khazikani agogo pa mpando, mita 1 kucokera kukhoma, muwapemphe abvale citenge cao ca Mai Maria, ndipo muwajambule kasanu, nthawi iliyonse fulashi itasunthidwa phazi limodzi kumka kumbali. Mwezi wa mawa tidzakamba za kujambula anthu obvala mandala.