Mayi wa pa K200 uja tamuiwala, ife tili kalikiliki ndi tiyi

Asisi, lero tiyamba ndi kuulula tchimo lathu.

Sabata yatha atatu mwa ife tinali pa miting'i ya bungwe la anthu a ntchito yathu muno mu Lilongwe. Nkhani inali yokonza mwambo wa 3 Malichi, tsiku lokumbukira ofera dziko. Wapampando anagawa ntchito mwachangu: abambo awiri adzalankhula za mbiri, bambo wina adzapemphera, ndipo "azimayi athu" adzaona za tiyi, mandasi ndi kwaya. Tinangogwedeza mitu. Mmodzi wa ife mpaka anayamba kuwerengera mapaketi a shuga. Ndiye mtsikana wina amene wangoyamba kumene ntchito anatulutsa K200 m'kachikwama kake n'kufunsa kuti, "Kodi mayi ali apawa adzatchulidwako?" M'chipindamo munangoti zii. Ena anaiyandikitsa kumaso ndalamayo kuti awerenge dzina. Ife tomwe, amene timalemba za ufulu wa amayi tsiku ndi tsiku, tinagwidwa manyazi, chifukwa funso limenelo linayenera kutuluka m'kamwa mwathu.

Mayi amene ali pa K200 ndi Rose Chibambo. Anabadwa m'chaka cha 1928 ku Mzimba. Pamene atsamunda ankakakamiza chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, iwo anayamba kusonkhanitsa amayi anzawo, ku Zomba kenako ku Blantyre, mpaka anakhala mtsogoleri wa amayi mu Nyasaland African Congress. Pa 3 Malichi 1959, bwanamkubwa Robert Armitage analengeza kuti dziko lili pa chiopsezo, ndipo atsogoleri a Congress anayamba kugwidwa usiku womwewo. Ku Nkhata Bay asilikali anawombera anthu amene anasonkhana pa doko pofuna kuti abale awo amasulidwe m'sitima ya Mpasa, ndipo anthu osachepera 20 anafa tsiku limenelo. Mayi Chibambo anali ndi pakati potopa. Boma linangodikira kuti achire basi. Patangotha masiku awiri mwana atabadwa, anawatenga kupita nawo kundende ya Zomba, khanda lili m'manja. Anakhalamo kupitirira chaka.

Taganizani, asisi. Masiku awiri. Lero Employment Act imapatsa mayi tchuthi cha uchembere cha masabata osachepera 8 ali pa malipiro onse, koma tikudziwana atsikana amene amaopa kukapempha tchuthi chimenechi poopa kuti bwana awaona ngati aulesi. Tikamakumbukira ofera dziko n'kumusiya mayi amene anayamwitsa mwana m'ndende, tikuphunzitsa atsikana amenewo kuti uchembere ndi utsogoleri sizikhalira limodzi. Limenelo ndi bodza, ndipo mbiri yathu yomwe ikulitsutsa.

Koma chimene chimatikhudza kwambiri pa mayi ameneyu chinachitika dziko litamasuka kale. Anasankhidwa kukhala phungu wa Mzimba South, nakhala wachiwiri kwa nduna, mayi woyamba kufika pamenepo. Akanatha kukhala chete n'kumadya bwino. M'mwezi wa Seputembala 1964, patangopita miyezi iwiri chilandirireni ufulu, nduna zina zinatsutsana ndi Dr Kamuzu Banda pa nkhani zingapo, monga kulipiritsa odwala tiki m'zipatala za boma, kuchedwa kokweza Amalawi pa maudindo, komanso ubale ndi Portugal. Mayi Chibambo anachotsedwa pa udindo pamodzi ndi Orton Chirwa, Kanyama Chiume ndi Augustine Bwanausi. Anathawira ku Zambia ndipo anabwerera kumudzi mu 1994, patatha zaka pafupifupi 30. Munthu amene anamumenyera nkhondo kuti atsogolere dziko ndi yemweyo anamupirikitsa m'dzikomo.

Apa pali phunziro lowawa kwa ife a m'maofesi. Kutsutsa mdani wakunja n'kosavutirapo, chifukwa anzako amakuwombera m'manja. Chovuta ndi kuuza bwana wako, amene anakulemba ntchito ndi kukukweza, kuti apa mwalakwitsa. Ambiri mwa ife tikapatsidwa kampando mu komiti timayamba kuyankhula motsitsa, kuopa kuti angatilande. Timati tikusunga malo a amayi. Koma mpando umene sutha kuyankhulirapo uli ndi ntchito yanji kwa mlongo wako amene akuvutitsidwa ndi bwana wa chipinda chinacho? Gender Equality Act ya 2013 imaletsa kuzunza munthu pa nkhani zogonana kuntchito, ndipo imati pa maudindo a m'boma amuna kapena akazi asachepere 40 pa 100 aliwonse. Lamulo lilipo. Chimasowa ndi munthu woimirira pa miting'i n'kufunsa kuti, "Nanga ife pano tili angati?"

Mayi wina amene mwambo wathu unali pafupi kumudumpha ndi Vera Chirwa, loya woyamba wamkazi m'Malawi muno. Iwo ndi amuna awo a Orton anagwidwa ku Zambia pa 24 Disembala 1981, naweruzidwa kuti aphedwe mu 1983, kenako chilango chinasinthidwa kukhala ndende moyo wonse. A Orton anafera m'ndende ya Zomba mu Okutobala 1992. Mayi Vera anatuluka mu Januwale 1993, atakhalamo zaka zoposa 11. Munthu wina akanati zanga zatha, ndikapume. Iwo anayambitsa Malawi CARER ndi Women's Voice, ndipo pambuyo pake anagwira ntchito yoyendera ndende za mu Africa muno. Anabwerera dala kumalo kumene kunawapweteka kuti ena asapwetekedwe chimodzimodzi. Ife tikakwera pa ntchito timakumbukira makwerero amene anatigwetsa? Kapena timauza wobwera kumene kuti, "Ifenso tinavutika, nawenso limba"?

Tisanamizane, sikuti kuphika tiyi n'konyozeka ayi. Agogo athu anaphikira anthu ambiri amene ankamenyera ufulu, ndipo popanda iwo misonkhano sikanatheka. Vuto ndi pamene tiyi ndi nyimbo zikhala malire athu. Dziko lino likudziwa bwino mmene zimenezi zimathera. Nthawi ya chipani chimodzi amayi ankatchedwa mbumba, ankavala nsalu ya nkhope ya mtsogoleri, kuvina pabwalo dzuwa likuswa mtengo, pamene zigamulo zinkapangidwa kwina. Zipani zachuluka tsopano, koma nsalu ndi gule zidakalipo. Ofesi imene imapatsa amayi kwaya n'kupatsa abambo maikolofoni ikuchita zomwezo, kungoti yavala suti.

Ena anena kuti, "Koma abale, tinakhala ndi Joyce Banda ngati pulezidenti mu 2012, Anastasia Msosa ngati mkulu wa makhoti mu 2013, Catherine Gotani Hara ngati sipikala mu 2019. Mukufunanso chiyani?" Zoona, ndipo timanyadira. Koma mayina atatu ku likulu sasintha zimene zimachitika pa miting'i ya Lachinayi mu ofesi yanu, kumene mtsikana wa digiri amauzidwa kuti alembe maminitsi chaka chonse chifukwa eti ali ndi "dzanja labwino". Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Palibe amene adzatitsekulire.

Ndiye chaka chino tikupemphani zinthu zazing'ono, zotheka. Ngati kuntchito kwanu, kusukulu kapena ku bungwe lanu kuli mwambo wa 3 Malichi, funsani kuti wolankhula ndani. Ngati pamndandanda palibe mayi, dziperekeni nokha, musadikire kusankhidwa. Ntchito ya tiyi igawidwe kwa onse, abambo nawonso manja ali nawo. Ndipo mukapita kumudzi, khalani pansi ndi agogo muwafunse kuti mu 1959 kapena nthawi ya makadi a chipani anali kuti, anaona zotani. Lembani zimene akuuzeni. Amayi ambiri amene anamenyedwa, kubisa anthu kapena kutaya amuna awo sali m'buku lililonse, ndipo akamwalira nkhani zawo zimapita nawo kumanda. Mayi Chibambo anamwalira mu Januwale 2016 ndipo anagonekedwa ku Mzuzu. Iwo dzina lawo linapulumuka chifukwa lili pa ndalama. Nanga enawo?

Za miting'i yathu ija, wapampando anangoti "tiona". Mawu amenewo timawadziwa tonse. Choncho sitinadikire kuti aone. Takhala pansi ndi mtsikana uja, talemba limodzi zoti akanene, mphindi zisanu zokha, ndipo Lachinayi tikubwerera nazo tonse anayi. Pepala la shuga lija talipereka kwa bambo amene amakonda kunena kuti iyeyo ndi wa jenda. Mwina atikaniza. Akatikaniza tidzafunsanso, pamaso pa onse, kuti chifukwa chake n'chiyani.

Mawa kondakitala akakupatsani chenji, musangoipinda K200 ija n'kuponya m'chikwama. Yang'anani nkhopeyo kaye, ndipo muuzeni amene mwakhala naye pampando kuti mayiwo ndi ndani. Kenako mutiuze pansipa: kuntchito kwanu chaka chino akulankhula ndani, ndipo tiyi akuphika ndani?