ZA ULIMI: Mwana Akapita Kukaphunzira ku Zisumbu za Greece, Abwere ndi Chiyani?

Alimi anzanga, sabata ino tikambe za ana athu amene amapita kunja kukaphunzira. Makolo ambiri amafunsa kuti, kodi mwana akaoloka nyanja, chothandiza kumunda chimene adzabwera nacho n'chiyani? Tiyeni titenge dziko limodzi, la Greece, kuti tione.

Inu owerenga Buku Lopatulika mukudziwa chisumbu cha Crete, kumene Paulo anasiya Tito. Pa chisumbu chimenechi, mumzinda wa Chania, pali sukulu yaikulu ya ulimi yolandira ophunzira a maiko ena, makamaka ozungulira nyanja ya Mediterranean. Tiyese kuti mwana wathu wa ku Bembeke, atatsiriza ku Bunda, wapeza malo kumeneko. Adzaona mitengo ya azitona ndi mpesa mapiri onse. Zimenezo angoona ndi maso, pakuti nyengo yao si yathu. Mvula yao imagwa miyezi yomweyi ya ife, kuyambira Okutobala kapena Novembala kufikira Malichi, koma kumeneko ndiyo nthawi ya chisanu. Juni ndi Julayi, pamene ife tikuotha moto, iwo ali pa dzuwa loswa mtengo.

Chimene ndifuna mwanayo akayang'anitsitse ndi miyala. Zisumbu za Greece n'zamapiri monga kwathu kuno, ndipo dothi lake n'lochepa. Makolo ao anatola miyala m'minda naimanga mopingasa phiri, mpanda pamwamba pa mpanda, popanda simenti kapena matope. Madzi a mvula akafika pa mpanda amachepa liwiro, napyola m'mipata ya miyala, koma dothi limatsala. Zikapita zaka, malo otsetsereka amasanduka makwerero olimika bwino. Mu 2018 bungwe la UNESCO linalemba luso limeneli m'kaundula wa chuma cha makolo a anthu onse. Komanso mwanayo adzaona mipanda yogumuka, chifukwa anyamata ambiri anapita ku Athens ndi ku ntchito za m'mahotela, osatsala wobweza mwala ukagwa. Mpanda ukagumuka, dothi limene agogo anasunga zaka mazanamazana limapita kunyanja.

Nanga ife? Phiri la Dedza ndi lalitali mamita 2,198, ndipo minda yathu yambiri ili m'mapiri ndi m'zitunda. Miyala tili nayo yochuluka, koma timangoiponya m'malire ndi kudandaula kuti ikubunthitsa makasu. Chaka ndi chaka madzi amatsika ali ofiira, ndipo feteleza wogula ndi ndalama zobwereka amatsika nao. Ndidziwa kuti akuluakulu ena akamva za milambala amakumbuka malamulo a malimidwe a nthawi ya atsamunda, pamene anthu ankalipitsidwa ndi kumangidwa, kufikira Inkosi Gomani II ya ku Ntcheu inachotsedwa pampando mu 1953 itauza anthu ake kuti asamvere malamulowo. Choipa chinali chikakamizo. Madzi othamanga sanasiye kukokolola.

Koma tisatengere chilichonse osaganiza. Mvula yathu ndi yochuluka kuposa ya zisumbu zambiri za kumeneko, ndiponso imagwa ndi mphamvu, choncho miyala yokha sikwanira. Yambani mwaika akalozera ndi chida chija cha mitengo itatu chooneka ngati chilembo cha A. Kumbani kamsewu kosazama motsata akalozerawo. Miyala yaikulu ikhale pansi, yaing'ono m'mipata, mpanda upendekere kuphiri. Kumtunda kwake bzalani vetiva kuti mizu yake igwire dothi. Mizere yonse ya m'mundamo itsate mzere woyambawo.

Mwana wathu akapeza tchuthi, akwere sitima yapamadzi apite ku chisumbu china chotchedwa Naxos. Kumeneko adzamva ngati wafika kwao, pakuti anthu ake amatchuka ndi kachewere. Mu 1953 boma lao linakhazikitsa kumeneko malo ochulukitsira mbeu ya kachewere, ndipo mu 2011 dzina la kachewere wa ku Naxos linatetezedwa ndi malamulo a ku Ulaya, kuti wina asagulitse wake ndi dzina lao. Mbiri yotere inayambira pa mbeu yabwino.

Apa ndi pamene ife timadzipha tokha. Wamkuluwamkulu timapita naye ku Lizulu kukagulitsa, ndipo timbulumbulu totsalira ndito timasunga kuti ndi mbeu. Kawirikawiri kachewere amachepa msinkhu chifukwa tsinde lake linali lodwala, choncho timabzala matenda ndi manja athu. Chitani chotere: mbeu ikamachita maluwa, yendani m'munda muzike kamtengo pa tsinde lililonse lamphamvu, lopanda masamba opiringizika, losayandikana ndi lofota. Mapesi amenewa mukumbe poyamba, padera, ndipo musunge a msinkhu wa dzira la nkhuku pamalo ozizira, opita mphepo, owala pang'ono. Munda umene munali matenda ofota musabzalemo kachewere, tomato kapena fodya kwa zaka zingapo. Ikanimo chimanga.

Ntchito ya miyala ndi ya m'chilimwe, mvula isanayambe. Amene mufuna kuika akalozera uzani mfumu ya m'mudzi mwanu kuti aitane mlangizi wa m'dera lanu, ndipo mubwere ndi zikhomo zambiri. Sabata ya mawa tidzakamba za kasungidwe ka manyowa a m'khola.