Thanki ya nsomba imafuna pokhala pofanana

Pansi pa nyumba zathu zambiri si pofanana monga mmene maso amationetsera. Amisiri ena amatsetseretsa simenti dala kulowera kukhomo kuti madzi okolopera azituluka okha. Kwina nthaka inatitimira nyumba itatha kale, kwina matailosi anangoikidwa mothamanga. Mpando kapena kabati sizidandaula nazo zimenezi: tikaona mwendo ukugwedera timapinda kapepala n'kulowetsa pansi, nkhani yatha. Koma banja limene likufuna kuika thanki yagalasi yowetera nsomba pabalaza lisatengere nzeru ya kapepalayi.

Tiyambe ndi kulemera. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Thanki yotalika masentimita 100, mulifupi 40, msinkhu 50, imalowa malita 200. Onjezanipo galasi, mchenga, miyala ndi sitandi yomwe, mupeza kuti mwadutsa makilogalamu 250, kuposa matumba asanu a chimanga a makilogalamu 50, ndipo zonsezo zatsamira pa timiyendo tinayi. Amene amakonda mbuna, nsomba zokongola za m'nyanja ya Malawi zija zimene anthu amaweta mpaka ku Ulaya ndi ku America, katundu wawo amakula kuposa apa, chifukwa mbuna zimafuna mulu wa miyala wobisalamo. Madziwo sakankhira pansi pokha ayi. Thanki yomweyi ikadzaza, galasi lakutsogolo lokha limakankhidwa ndi mphamvu yofanana ndi makilogalamu pafupifupi 125, ndipo chimene chaligwira ndi kamzere ka silikoni m'mphepetemo.

Anthu ambiri amaopa kupendekeka, poti ndi kumene kumaoneka: madzi mbali ina afika pakamwa, mbali ina atsala. Ife timaopa kwambiri kupotoka. Sitandi ikaima pa miyendo itatu, wachinayi uli m'malere pang'ono, kulemera kwa madzi kumaukakamiza kuti utsike, ndipo pamwamba pa sitandi pamapotoka. Galasi silidziwa kupindika. Mphamvu yonseyo imathera pa ngodya ndi pa silikoni, ndipo sizionekera tsiku lomwelo. Pakhoza kutha miyezi, kenako m'mawa wina mupeza kadontho pangodya, kapena mudzuka usiku ndi phokoso la malita 200 akuyenda pabalaza pomwe pali mawaya amagetsi.

Ntchito yeniyeni imachitika thanki isanakwere. Ikani sitandi yokha pamalo pomwe mwasankha, mukanikize ndi dzanja ngodya iliyonse. Ikagwedera, mwaupeza mwendo wosafika. Kenako bwerekani levulo kwa mmisiri womanga, muyeze m'litali, mulifupi, ndiponso mopingasa kuchokera pangodya ina kufika pangodya yoyang'anana nayo, mbali zonse ziwiri. Kuyeza kopingasaku n'kumene anthu amadumpha, chonsecho n'kumene kumaulula kupotoka. Levulo ikasowa, kapaipi kooneka mkati kothira madzi, kamene amisiri amayezera maziko, kamagwira ntchito yomweyo, chifukwa madzi kunsonga zake ziwiri amaima pamsinkhu umodzi nthawi zonse.

Zochirikizira zilowe pansi pa miyendo ya sitandi, pakati pa sitandi ndi simenti. Musaziike pansi pa thanki. Kathabwa kolowetsedwa pansi pa ngodya ya galasi kamasenzetsa kamalo kamodzi katundu amene anayenera kugawidwa ponseponse, ndipo galasi limasweka pomwepo. Chochirikizira chabwino ndi kachidutswa kachitsulo chophwatalala, pulasitiki yolimba, kapena thabwa lolimba louma bwino, chokula mokwanira kuti mwendo wonse ukhalepo. Katoni, nyuzipepala ndi zidutswa za matabwa opanikiza utuchi zisayandikire n'komwe. Pafupi ndi thanki sipauma, ndipo zinthu zimenezi zikamwa madzi zimafufuma kenako n'kuphwa, osanenanso za chiswe. Ngati sitandi yanu ndi yachitsulo yowotcherera, pemphani wowotchererayo aike mabawuti okhuthala pansi pa miyendo, oti muzitha kukweza ndi kutsitsa ndi sipanala. Kandalama kowonjezerako timaona kuti n'koyenera.

Pali chithovu choyera chija chimene chimabwera m'makatoni a firiji. Ambiri amachiyala pakati pa thanki ndi sitandi, ndipo kwa thanki ya galasi lokhalokha, yopanda felemu pansi, n'chothandiza: chimameza timiyala ndi tizitunda ta pathabwa. Koma sichiwongola sitandi yopendekeka. Chimangophwa kwambiri mbali yolemerayo.

Sitandi ikakhazikika, kwezani thanki, muthiremo madzi ongofika masentimita 5. Apa madzi omwewo ndiye levulo yosanama. Tengani lula muyeze kuya kwa madzi pangodya zonse zinayi. Phatikizani ngodya yakutsogolo kumanzere ndi yakumbuyo kumanja, ndiyeno yakutsogolo kumanja ndi yakumbuyo kumanzere. Mayankho awiriwo akafanana, palibe kupotoka, ngakhale patakhala kupendekeka pang'ono. Akasiyana, bwererani kumiyendo. Kusiyana kwa mamilimita awiri kapena atatu kuchokera kumapeto ena kufika kwina pa thanki ya mita imodzi ife sikumatisowetsa tulo. Kukapitirira apo timakonza. Ndipo pokonza, chotsani madzi kaye. Kunyamula ngodya ya thanki muli madzi kuti mnzanu alowetse kathabwa n'kumene kumathyola silikoni, msana ndi zala.

Dzazani pang'onopang'ono, muyezenso madzi akafika theka, ndiponso akadzaza. Patatha mlungu umodzi yezaninso, makamaka ngati pansi pali kapeti, poti imapitiriza kuphwa. Abale athu okhala ku Britain, kumene nyumba zambiri zili ndi pansi pamatabwa, aike thanki pafupi ndi khoma lolimba, mopingasa mitanda ya pansiyo kuti mitanda ingapo igawane katundu.

M'nyumba momwe muli ana aang'ono, thanki isaweramire kutsogolo ngakhale pang'ono. Mwana akaona nsomba amafuna kuziona pafupi, amagwira m'mphepete n'kudzikoka. Sitandi yayitali koma yopapatiza imangiriridwe kukhoma ndi zitsulo ziwiri ndi masikuluwu, ndipo pafupi pasakhale mpando wokwerapo. Soketi ikhale pamwamba, osati pansi kuseri kwa sitandi, ndipo waya wa pampu azitsika kaye pansi pang'ono asanakwere kulowa m'soketi, kuti dontho lotsatira waya lizigwera pasimenti.