Mafunso a zakudya asalembedwere mu ofesi

Chaka ndi chaka achinyamata onyamula matabuleti amatsika m'galimoto za mabungwe kwa Santhe, kwa Wimbe ndi kwa Kaomba m'boma la Kasungu kudzafunsa zomwe anthu amadya. Mayankho amene amatolawo ndiwo amagamula komwe thandizo lipite. N'chifukwa chake zikundiwawa kuti ambiri mwa mafunsowo amalembedwa ndi anthu amene sanakhalepo pamkeka pa mlimi wa fodya.

Tiyambe ndi nyengo. Mu June fodya akugulitsidwa ku Chinkhoma, chimanga chili m'nkhokwe, mtedza wakumbidwa, usipa ukuyenda malonda. Mu February banja lonse lili kalikiliki kuthyola ndi kusoka fodya, ufa watha, pamoto pali phala la madeya. Amene anaona njala ya 2002 m'boma la Kasungu amaidziwa miyezi imeneyi. Wobwera m'chilimwe mokha, poti misewu yauma, sanaone kanthu. National Statistical Office imayendetsa kafukufuku wake wa m'mabanja chaka chathunthu. Nanga mabungwe chikuwavuta n'chiyani kubwera kawiri?

Kenaka wofunsidwayo. Fomu imafuna mutu wa banja. Bambo angakuuzeni mabelo amene anatumiza ku okushoni, koma wodziwa ngati phala la mwana linali ndi nsinjiro ndi mayi. Afunsidwe yekha, osati pamaso pa apongozi ndi anyakwawa. Auzidwenso poyera kuti uku si kulemba maina a thandizo, apo ayi aliyense adzati anagona ndi njala.

Mafunso enieniwo ndiye manyazi. "Munadya makilogalamu angati a ufa?" Mayi amayeza ndi mbale, amagula mulu wa tomato ndi kachubu ka mafuta, ndipo ana amadyera limodzi. Wofunsa anyamule mbale, makapu ndi chipande, mayi aloze. "Munadya kangati dzulo?" Adzawerenga nsima yokha. Chimanga chootcha cha kumunda, mbatata, thobwa ndi mango amene mwana anatola zidzatsala. Yendani naye tsiku lonse la dzulo, kuyambira podzuka mpaka pogona. Ndipo pamndandanda pasasowe chisoso, bonongwe, mfutso, bowa, ngumbi, mbewa ndi mphalabungu. Tingadziwe bwanji ngati banja likudya magulu asanu ndi limodzi a zakudya pomwe ndiwo zake zenizeni mulibe m'fomu?

Oiwalika kwambiri ndi a m'maesiteti. Lamulo la 2021 linathetsa utenanti, koma mabanja odalira chimanga cha bwana, chodzadulidwa pa malipiro fodya akagulitsidwa, sanathe. Kuwafunsa matumba amene anakolola ndi kuwanyoza. Afunseni kuti phoso amalandira liti, lochuluka bwanji, ndipo limatha pa tsiku lanji.

Ena adzati zonsezi n'zodula. Kafukufuku wa MDHS wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu m'dziko muno anali opinimbira. Chodula ndi kupereka thandizo molakwika kwa ana amenewa chifukwa cha funso lopotoka.

Khonsolo ya Kasungu isamalole kafukufuku wa zakudya amene mafunso ake sanayesedwe kaye pa amayi a m'midzi ndi m'maesiteti, m'Chichewa ndi m'Chitumbuka cha kwa Kaluluma ndi kwa Simlemba. Bungwe lokana zimenezi libwerere kumene lachokera.