Mukufuna kudzakhala namwino? Nanga mawa muchita chiyani?

Anzathu achinyamata, tikamacheza m'makalabu timamva maloto okoma: wina unamwino, wina minibasi yakeyake, wina ulendo wa ku Joni. Sitikutsutsa. Koma tikafunsa kuti sabata ino mwachitapo chiyani, ambiri mumangoyang'ana pansi.

Ife tikuona kuti loto lililonse limafuna kantchito kokhala ndi tsiku lake. Ofuna unamwino, popanda kukhoza sayansi pa MSCE simupita patali. Ngati sizinayende, kalembetseni sukulu ya masana, mubwereze. Ofuna shopu ya utelala, yambani kusunga K2,000 pa sabata ku banki m'khonde, mukafunsenso za maphunziro a TEVETA.

Cholingacho mumuuze mnzanu mmodzi wa m'kalabu, amene sangachite manyazi kukufunsani mwezi ukatha. Osati uja wokuguliraniko mowa ayi.